Kodi kumuulula mwana wako n'kumupereka?

 A Bishop ali paulendo, ndiye uthenga wa sabata ino andisiyira ine. Ndi wautali pang'ono, mundikhululukire. Ngati malaiti apita ndipo moto wa foni watsala pang'ono, usungeni muwerenge madzulo, koma chonde musaudumphe.

Nkhaniyi ndaitenga kwa amai ena a mumpingo mwathu. Andilola kuti ndiikambe, ndipo ndasintha zina ndi zina kuti musayambe kuloza nyumba za anthu. Musandifunse kuti ndi ndani, sindidzakuuzani.

Anabwera pa Chitatu titatsiriza mapemphero, anthu onse atapita. Anakhala pa benchi ya kumbuyo nthawi yaitali osakamba kanthu. Mwana wao wamwamuna anamaliza Grade 12 bwinobwino, koma ndalama za koleji panalibe. Chilala cha 2024 chinapsereza chimanga chonse m'munda mwao, ndipo chaka chomwecho atate ake anadwala miyezi iwiri n'kumwalira. Asanadwale anali atakangana ndi mkulu wina woyandikana naye munda pa nkhani ya malire. Mukudziwa kale mmene nkhani zotere zimayendera pakamwa pa anthu maliro akangotha.

Mnyamatayo analowa m'gulu lina la pa WhatsApp la munthu wodzitcha mneneri, amene palibe aliyense wa ife anamuonapo nkhope. Pakati pa usiku munthuyo amatumiza mau ojambula. Anamuuza kuti atate ake anadyedwa, kuti mdani ali pafupi ndi nyumba, ndiponso kuti abusa amene amalalikira za kukhululuka ndi amantha kapena akudyera limodzi ndi mfiti. Patapita miyezi, amai aja posesa anapeza chigubu cha petulo pansi pa bedi la mwana wao. Pakhomo pao palibe njinga yamoto, palibe jenereta.

Anandifunsa kuti, “Abusa, ndikakanena kupolisi, ndiye kuti ndamugulitsa mwana wanga ngati Yudasi? Nanga ndikakhala chete, mkulu uja n'kupsera m'nyumba, magazi ake adzakhala pa ndani?”

Sindinayankhe msanga. Kusukulu ya Baibulo tinalemba mayeso ambiri, koma funso ili silinabwerepo papepala. Ndakhala ndikuliganizira kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndikufuna tiliganizire limodzi, chifukwa mawa likhoza kugogoda pakhomo panu.

Ndinayamba ndawafunsa amaiwo kuti anaona liti kuti mwana wasintha. Yankho lao linandiphunzitsa zambiri. Anati poyamba anakondwera. Mwana anasiya kuyendayenda kumsika, anayamba kusala kudya, kudzuka usiku kupemphera, kuwerenga Baibulo. Kholo liti lingadandaule? Ndipo ndikambe momveka pano: kupemphera kwambiri si chizindikiro cha choipa. Kukwiya ndi imfa ya atate ako si chizindikiro. Mwana kufunsa mafunso olimba okhudza boma, mpingo kapena Mulungu amene, sichinthu choti muthamangire nacho kwa a hedimani. Tikayamba kukayikira wachinyamata aliyense wa moto, tidzathamangitsa ana abwino kwambiri amene tili nao.

Chimene chinayamba kuwaopsa amaiwo chinali m'kakambidwe. Mkulu uja, amene mwanayo anakula akumutcha agogo, amene ankamupatsa mango ali wamng'ono, dzina lake linasowa pakamwa pa mnyamatayo. Anasanduka “chinthu chija”, kenako “njoka ija”. Munthu akachotsedwa dzina n'kupatsidwa dzina la chilombo, dziwani kuti mtima wayamba kukonza malo. Njoka sitikambirana nayo, timaiphwanya mutu. Pambuyo pake dziko lonse linagawika pawiri m'maso mwake: a m'gulu lija ndiwo oona, ena tonse ndife akhungu kapena ogulidwa. Anzake akale a mpira anawasiya. Foni anaika pasiwedi yatsopano, akamamvetsera amatuluka panja. Amai ake akati tiyeni tikhululuke, iye amaseka. Ndipo mau akuti “nthawi yakwana” anayamba kumveka pafupipafupi.

Palibe chimodzi mwa izi chimene pachokha chingakuuzeni kuti munthu adzapha. Koma zikamabwera motsatizana, ndipo khutu lake latsala lomvera munthu mmodzi yekha padziko lonse, musanene kuti ndi zachinyamata, zidzatha zokha.

Tikamva za anthu opha anzao m'dzina la Mulungu, maganizo athu amathamangira kutali. Timakumbuka za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kumene pa 5 Okutobala 2017 anyamata a zida anaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, nkhondo n'kukula mpaka maiko a SADC, kuphatikizapo Zambia, anatumizako asilikali mu 2021. Koma mfuti zisanalire kumeneko, panapita zaka anyamata aja akungokangana ndi akuluakulu a m'mizikiti yao, akunena kuti makolo ao sadziwa chipembedzo choona, akuchotsa ana kusukulu za boma, akudzipatula. Ena anakopedwa ndi lonjezo la ntchito kapena ndalama zoyambira bizinesi. Atsogoleri a Chisilamu a kumeneko ndiwo anayamba kuchenjeza boma, ndipo ambiri mwa amene azunzika ndi nkhondoyo ndi Asilamu anzao. Choncho wina asatenge uthenga uno kukalozera chala aneba athu a chipembedzo china. Awe. Ine ndikukamba za m'nyumba mwathu.

Pakuti nafenso Akhristu a m'dziko lino tili ndi mbiri yathu. Mu 1925 munthu wina wochokera ku Nyasaland, Tomo Nyirenda, amene anthu anamutcha Mwana Lesa, ankabatiza anthu kudera la Mkushi. Ubatizo wake unasanduka njira yopezera mfiti, ndipo amene anawatchula kuti ndi mfiti anawamiza m'madzi mpaka kufa. Ananyongedwa mu 1926.

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya mpingo wa Lumpa, chifukwa chiyambi chake chikufanana ndi zimene ife timakonda. Mu 1953 mai wina wa kumudzi wa Kasomo kufupi ndi Chinsali, Alice Lenshina, anadwala kwambiri, ndipo atachira ananena kuti anakumana ndi Yesu amene anamutuma. Anthu anakhamukira kwa iye zikwizikwi, ena wapansi kuchokera kutali. Ankaimba nyimbo zokoma m'Chibemba, ankasiya mowa, ndipo amene anali ndi nyanga ndi zithumwa ankabwera nazo okha n'kuzitaya. Taonani bwino pamenepo: munthu woganiziridwa ufiti ankapeza khomo lolowera, osati chibonga. Pofika 1958 anali atamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Kasomo ndi manja ao.

Nanga chinalakwika n'chiyani? Ufulu ukuyandikira, kunabuka mkangano pakati pa a Lumpa ndi achinyamata a chipani cha UNIP. Uku amaotcha makadi a chipani, uku amaotcha matchalitchi. A Lumpa, poopa ndiponso poona kuti dziko lonse lawada, anachoka m'midzi ya abale ao n'kukamanga midzi yaoyao yotchingidwa ndi mipanda ya mitengo. Kuyambira pamenepo sankamvanso mau a munthu wakunja, ndipo akunja sankaonanso nkhope zao. Mu Julayi ndi Ogasiti 1964, patatsala miyezi yochepa kuti tilandire ufulu, magazi anakhetsedwa ku Chinsali ndi ku Lundazi. A Lumpa anapha anthu, anaukira boma la Lundazi usiku. Iwonso anaphedwa ambirimbiri ndi mfuti za asilikali, ena ndi manja a anansi ao. Chiwerengero cha boma chokha chinapitirira anthu 700, ndipo zikwi zinathawira ku Congo. Lenshina anamwalira ku Lusaka mu 1978 ali m'manja mwa boma.

Sindikuweruza anthu aja, ambiri anali amai ndi ana amene anangofuna kupemphera. Chimene ndikuona ine ndi mpanda uja. Unamangidwa ndi manja a mbali ziwiri: a mkati anaumanga chifukwa cha mantha, a kunja anauthandiza ndi chidani ndi chipongwe. Masiku ano mpanda wotere safuna mitengo. Mwana akhoza kudya nsima mbale imodzi ndi inu, koma ali kale mkati mwa mpanda wa m'foni.

Ndipo tisadzinamize kuti ife a masiku ano tinachangamuka. Mukukumbuka 2020, nthawi ya magasi? Mphekesera zinayambira ku Chingola, pofika Febuluwale zinali ponseponse. Tinkagona panja ndi zibonga. Mlendo aliyense wonyamula chikwama anali mdani. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu m'dziko muno, ena kuotchedwa amoyo, ambiri mwa iwo popanda umboni uliwonse. Amene anawapha sanachokere kunja. Anali anthu ogulitsa tomato, oyendetsa minibasi, oimba m'kwaya.

Ine ndiulule changa. Usiku wina m'mwezi umenewo ndinalandira uthenga pafoni wonena za galimoto ina yoyera imene akuti inali kuzungulira. Sindinafufuze. Ndinautumiza m'magulu atatu, n'kuwonjezerapo mau akuti tiyeni tikhale maso m'mapemphero. M'mawa ndinamva kuti anyamata anaimitsa galimoto yoyera pamseu n'kuswa galasi. Munali bambo wina amene anali kupititsa mkazi wake kuchipatala. Mulungu anachita chifundo, panapezeka wowadziwa. Koma mwala umene unaswa galasi lija, mbali ina ndinauponya ndine, ndili pabedi panga.

Manje ndikhudze pamene pakuwawa, ndipo izi ndinakambirana kale ndi a Bishop. Ife timakonda mapemphero a nkhondo. Timafuula moto, timabweza mivi kumene yachokera, timagwetsa malinga. Ineyo ndatsogolerapo maovanaiti otere kangapo, ndipo sindikuchita nao manyazi, pakuti mizimu yoipa iliko ndithu. Koma tiyenera kudzifunsa kuti mwana wovulala mumtima, amene wangoika atate ake m'manda, akamatimva amamva chiyani. Ife tikamati moto, timatanthauza za kuuzimu. Iye akuona nkhope ya munthu, nyumba ya udzu, ndi machesi. Paulo pa Aefeso 6 ananeneratu kuti amene tikulimbana nao si anthu a thupi ndi magazi, koma vesi imeneyo timaithamangira kuti tifike msanga pa zida.

Werengani Luka 9 chakumapeto. Mudzi wina wa Asamariya unakana kulandira Yesu. Yakobo ndi Yohane, anthu a pafupi kwambiri ndi Ambuye, anapempha chilolezo choitana moto kuchokera kumwamba kuti unyeketse mudziwo. Anali ndi chikhulupiriro, anali ndi changu, anali ndi chitsanzo cha Eliya m'mutu. Yesu anatembenuka n'kuwadzudzula, basi ulendo unapitirira kumudzi wina. Chimene chimandikhudza n'chakuti sanawachotse pagulu. Anapitiriza kudya nao, kuyenda nao. Ndiye tsegulani Machitidwe 8. Asamariya atalandira uthenga, atumwi anatuma anthu awiri kukawapempherera kuti alandire Mzimu Woyera. Mmodzi anali Petro. Winayo anali Yohane yemwe uja. Manja amene anafuna kuloza mudzi kuti upse ndi amene anasanjikidwa pamitu ya Asamariya. Akanathamangitsidwa tsiku lija, kaya akanathera kuti.

Tibwerere ku funso la amai aja. Kodi kuulula n'kupereka?

Yudasi anapita kwa akulu mobisa, analandira ndalama, ndipo cholinga chake chinathera pa imfa ya munthu wosalakwa. Koma m'Baibulo muli mnyamata wina amene sitimamulalikira kawirikawiri, dzina lake silinalembedwe n'komwe. Pa Machitidwe 23, amuna oposa 40 analumbira kuti sadya kapena kumwa mpaka atapha Paulo. Onani, kunali kusala kudya kumeneko, ndipo iwo ankakhulupirira kuti akutumikira Mulungu. Mphwake wa Paulo, mwana wa mlongo wake, anamva za chiwembucho. Anakauza amalume ake, kenako anakauza mkulu wa asilikali a Chiroma. Tsono Aroma anali atsamunda, ndipo amuna 40 aja anali a mtundu wake. Kwa anthu a kwao mnyamatayo akanatchedwa wogulitsa. Koma usiku womwewo Paulo anatulutsidwa mumzinda ndi asilikali, ndipo m'mawa kunalibe maliro. Paulo anapulumuka. Ndipo pali ena amene timaiwala kuwawerenga: amuna 40 aja anadzuka manja ao alibe magazi.

Wina anganene kuti, abusa, izo n'zosavuta, mnyamatayo ankapulumutsa amalume ake. Amai aja akufunsidwa kuneneza mwana wobala okha kuti apulumutse munthu amene mwina nawonso amamukayikira. Zoona. Apa ndiye pamene Abigayeli amatithandiza, pa 1 Samueli 25. Davide, wodzozedwa wa Mulungu, woimba masalimo, ananyozedwa ndi Nabala. Anamanga lupanga, anatenga amuna pafupifupi 400, n'kulumbira kuti pofika m'mawa sipatsala mwamuna ndi mmodzi yemwe pakhomo pa Nabala. Wantchito wina anaona zimene zikubwera n'kukauza Abigayeli. Maiyo sanadikire msonkhano. Anasenzetsa abulu mikate 200, nkhosa zisanu zophikaphika ndi zakudya zina, n'kukakumana ndi Davide panjira. Sanamunyoze. Sanamuuze kuti mkwiyo wake ulibe chifukwa, anavomereza kuti mwamuna wake analakwa. Kenako anamukumbutsa za tsogolo lake, kuti tsiku lina adzakhala mfumu, ndipo sikudzakhala bwino kukhala pampando mtima ukumutsutsa chifukwa cha magazi amene anakhetsa pachabe. Davide anabwerera, ndipo anayamika Mulungu chifukwa cha mai amene anamutsekera njira.

Abigayeli anapulumutsa a m'nyumba ya Nabala, inde. Koma amene anapindula kwambiri tsiku limenelo anali Davide. Ndi zimene ndinawauza amai aja pamapeto pake: mukaimitsa dzanja la mwana wanu, simunasankhe mkulu uja m'malo mwa mwana wanu. Petulo uja akayaka, mwataya onse awiri. Mmodzi kumanda, wina ku Mukobeko kapena m'manja mwa gulu la anthu okwiya, ndipo olo atathawa osagwidwa, adzakhala munthu amene anaotcha agogo amene ankamupatsa mango. Chete wanu sangamuteteze ku zimenezo.

Komabe sindikufuna mutenge izi mopepuka, ngati kuti kupita kupolisi ndi mankhwala a zonse. Selo si malo a uphungu. Mwana amene wangokamba mau oipa atakwiya, mukamuthamangitsira kumeneko, mwatsimikizira zimene mneneri wa m'foni uja anamuuza, kuti a kwanu ndi adani ako. Pamene zili pa mau chabe, pa maganizo, pa kudzipatula, ntchito ndi yathu: makolo, amalume, azakhali, mpingo. Koma pakakhala dzina la munthu amene akufuna kumuchita choipa, pakakhala chida, kaya petulo, kaya chikwanje chonoledwa mwachilendo, kaya pamveka tsiku, pamenepo nthawi yongopemphera nokha m'chipinda yatha. Uzani munthu lero lomwe. Uzani a hedimani, pitani ku polisi posti, kapena imbani 991. Pempherani muli m'njira.

Ndipo kusiyana kwina ndi Yudasi n'kwakuti inu simuchita mobisa, ndiponso simuchoka. Ife tinachita motere. Usiku womwewo ndinapita ndi amalume ake a mnyamatayo, chigubu chija tinachichotsa. M'mawa tinakauza a hedimani, ndipo mkulu uja anapemphedwa kuti akagone kwa mwana wake masiku angapo. Kenako amai aja, amalume ndi ine tinapita limodzi kwa apolisi. Tisanapite tinamuuza mnyamatayo pamaso kuti tikupita, ndi chifukwa chake. Anakalipa. Anandiuza kuti, “Inu abusa ndinu amantha, n'chifukwa chake mfiti zikutha anthu.” Amai ake sanawalankhule milungu iwiri. Apolisi anamuitana, anamuchenjeza, anamulembetsa, n'kumubweza kunyumba. Sindingakulonjezeni kuti kulikonse zidzatha chonchi. Ndikungokuuzani kuti amaiwo tsiku lililonse la milungu iwiri ija anapitiriza kumuikira nsima yake, iye osawayang'ana n'komwe.

Pali funso limene ndikudziwa kuti ena mwa inu muli nalo, ndipo sindilithawa. Nanga ngati mkulu uja ndi mfiti zoona? Ena mudzanditumizira Eksodo 22. Ndikuidziwa. Chilamulo chomwecho chinalamulanso kuponya miyala wachigololo, ndipo mukudziwa zimene zinachitika pa Yohane 8 anthu atabwera ndi miyala yao. M'Mauthenga Yesu anatulutsa ziwanda kambirimbiri, koma simupezamo munthu ndi mmodzi yemwe amene anamuvulaza pochita zimenezo. Simoni wamatsenga wa ku Samariya anauzidwa kuti alape. Ku Efeso, pa Machitidwe 19, moto unayakadi, koma unaotcha mabuku a matsenga, ndipo amene anawaponya pamoto anali eni ake. Ngati timakhulupirira kuti dzina la Yesu lili ndi mphamvu kuposa ufiti, petulo tikumufuniranji? Amene wagula petulo wanena ndi manja ake kuti pemphero lalephera. Ndiponso dziwani kuti lamulo la dziko lino, Witchcraft Act, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Komanso tayang'anani amene amatchulidwa: nthawi zambiri ndi nkhalamba, wamasiye, munthu wokhala yekha, kapena amene ali ndi munda umene wina akuufuna.

Za munda zimenezi tisazidumphe. Malo ano a Kanakantapa boma linawatsegula kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apeze pogwira. Achinyamata aja lero ndi agogo. Ana ao ndi adzukulu akula, minda ndi yomweyo, ndipo anthu a ndalama ochokera ku Lusaka akugula mapuloti mbali zonse. Mnyamata wa satifiketi m'thumba, wopanda ntchito, wopanda munda wakewake, tsiku lonse ali ndi foni m'manja, ndi amene anthu oipa amamufuna. Lero ndi mneneri wa pa WhatsApp. Masankho akayandikira adzakhala wina wa galimoto yaikulu, wogawa ma T-shirt, mowa ndi K50, womuuza kuti a chipani chinacho si anthu. Onsewa amamupatsa zinthu zimene ife tinachedwa kumupatsa: wina womumvetsera, gulu lomutcha m'bale, ndi kumva kuti ndi wofunika pa chinachake.

Ndiye mukakhala naye pansi munthu wotere, musayambe ndi mtsutso wa mavesi. Ine ndinayesa tsiku loyamba, ndinaluza. Vesi iliyonse imene ndinatulutsa anali ndi yankho lake lokonzeratu, chifukwa anamuphunzitsa kale zimene abusa amantha adzanene. Musamulande foni, adzabwereka ina, ndipo mudzakhala mwatseka khomo lanu lokha. Musamuseke pagulu, musamuike pa pulatifomu kuti mpingo wonse umutulutse chiwanda anthu akujambula. Funsani mafunso, ndipo mudikire yankho. Munthu ameneyu unamudziwa bwanji? Iyeyo amakhala kuti? Ukagwidwa adzabwera kudzakuona? Wakupemphapo ndalama zingati? Musamukakamize kuyankha pomwepo, mafunso otere amagwira ntchito usiku munthu ali yekha.

Ulendo wachitatu ndinasiya zonse, ndinangomufunsa kuti andiuze za atate ake. Anakhala chete, kenako anayamba kukamba, mpaka dzuwa linapendeka. Za mmene ankapitira limodzi kukagulitsa malasha pa njinga. Za usiku umene anawanyamula kumsana kukafuna galimoto. Anandiuza kuti chichokereni maliro, anthu onse ankamuuza kuti limba mtima, ndiwe mwamuna, ndiwe mutu wa banja manje. Palibe anamufunsa kuti zikukuwawa pati. Woyamba kumufunsa anali munthu wa m'foni uja. Abale, mau amenewo anandilasa, chifukwa ulaliki wa pamaliro paja ndinalalikira ndine, ndipo sindinabwererenso pakhomopo mpaka tsiku la chigubu.

Pa Machitidwe 9, Saulo atagwa panjira ya ku Damasiko, Ambuye sanamalize ntchito yonse okha kuchokera kumwamba. Anatuma munthu wamba, Hananiya, kuti alowe m'nyumba mmene munali munthu amene anabwera kudzamanga Akhristu. Hananiya anaopa, ndipo ananena poyera kuti akuopa. Koma anapita, ndipo polowa anamutcha m'bale. Pambuyo pake ku Yerusalemu ophunzira onse ankamuthawa Saulo, mpaka Barnaba anamugwira dzanja n'kulowa naye. Mnyamata wathuyu tsiku lina akadzalowa pakhomo la tchalitchi, ena mwa inu mudzakhala mutaganizira kale kuti ndi ameneyu. Ndikukupemphani, musasunthe pabenchi. Musanong'onezane. Mumusunthire kuti akhale.

Ndisaiwale mkulu uja. Nayenso ndi munthu, ndipo wagona ndi mantha m'nyumba ya mwana wake chifukwa cha mlandu umene palibe anautsimikiza. Amai a chigwirizano anapitako kukamuona ndi kankhuku, ndipo ndikuwathokoza. A hedimani alonjeza kuti malire a minda iwiri ija adzayendedwanso pamaso pa mboni mvula isanagwe. Tidzawakumbutsa.

Amene muli ndi nkhawa yotere ndi mwana, mwamuna, mlongo kapena mnzanu, musailembe pagulu lino. Ndipezeni pa Chitatu tikatha mapemphero, kapena uzani mkulu wa selo yanu kuti andiitane. Sitidzathamangira kupolisi ndi nkhani iliyonse, koma ngati pali moyo wa munthu pangozi ndidzakuuzani pamaso panu kuti tiyenera kupita, ndipo ndidzapita nanu.

Mnyamata uja sanatuluke m'gulu lija mpaka lero, ndisakunamizeni. Kutchalitchi sanabwere. Amai ake akuti wayambanso kuwayankha, ndipo sabata yatha pokamba za malire anamutchula mkulu uja ndi dzina lake, kamodzi. Amalume ake amutenga kudimba la tomato kumtsinje, akugawana phindu. Pa Chiwelu ndikupitanso kumeneko. Anandiuza kuti ngati ndikubwera ndibwere ndi khasu langa, chifukwa iye alibe nthawi yokhala pansi kumvetsera ulaliki.